Janet Rowley ndi Khansa ya M'magazi: Mafunso ndi Mayankho

Masiku ano munthu akapezeka ndi khansa ya m'magazi pachipatala chokhala ndi zipangizo zokwanira, dokotala sathamangira kulemba mankhwala. Amayamba wafufuza kuti makromozomu (timitolo tosunga malangizo a selo) a m'maselo odwalawo athyoka pati, ndipo zidutswa zake zakamatirira kuti. Yankho lake ndi limene limanena mtundu wa matendawo, mankhwala oyenera ndiponso mwayi wochira. Kachitidwe kameneka kanayambira pa ntchito ya Dr Janet Rowley wa ku Chicago, m'dziko la America.

Kodi Janet Rowley anali ndani?

Anali dokotala komanso katswiri wa makromozomu. Anabadwira mumzinda wa New York pa 5 April 1925, m'banja la a Davison, ndipo anamwalira ku Chicago pa 17 December 2013 ali ndi zaka 88. Pafupifupi moyo wawo wonse unathera pa Yunivesite ya Chicago. Analowa pasukuluyi ali ndi zaka 15 zokha, anamaliza maphunziro a udokotala mu 1948 ali ndi zaka 23, ndipo atapitirira zaka 80 ankapalasabe njinga kuchokera kwawo ku Hyde Park kupita ku labotale.

Chimene amadziwika nacho kwambiri n'chakuti iwo ndi amene anayamba kusonyeza kuti mitundu ina ya khansa ya m'magazi imayendera limodzi ndi kusinthana zidutswa kwa makromozomu awiri, ndipo kusinthanako kumachitika pamalo amodzimodzi mwa odwala onse a mtundu umenewo. Akatswiri amakutcha translocation. Pakati pa 1972 ndi 1977 anapeza kusinthana kutatu kotereku: kwa kromozomu 8 ndi 21, kwa 9 ndi 22, ndiponso kwa 15 ndi 17.

Nanga makromozomu n'chiyani, ndipo akukhudzana bwanji ndi magazi?

Pafupifupi m'selo lililonse la thupi muli DNA, imene imasunga malangizo onena momwe selolo liyenera kukulira, kugwirira ntchito ndi kufa nthawi yake ikakwana. DNA siikhala yomwazikana. Inakulungidwa m'makromozomu 46, theka ochokera kwa mayi ndi theka kwa bambo, ndipo amakhala awiriawiri. Akatswiri anawapatsa manambala kuyambira 1 mpaka 22 potengera kukula kwake, kuwonjezera X ndi Y amene amasiyanitsa mkazi ndi mwamuna. Kachigawo ka DNA kamene kali ndi lamulo limodzi, mwachitsanzo la kapangidwe ka puloteni inayake, ndi kamene timati jini.

Kuti mumvetse kuvuta kwa ntchito yoona tinthu timeneti, dziwani kuti nambala ya 46 inatsimikizika mu 1956, pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anawerenga bwinobwino mumzinda wa Lund ku Sweden. Zaka zambiri m'mbuyomo mabuku ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi makromozomu 48.

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Khansa ya m'magazi imayamba pamene selo limodzi la m'menemo layamba kugawikana osaleka, ana ake n'kudzaza malo onse mpaka maselo abwino kusowa pokulira. N'chifukwa chake wodwala amafooka, amachepa magazi, amadwaladwala, amatuluka magazi m'nkhama, ndipo ena kapamba amatupa. Mitundu ina ya khansayi imayenda pang'onopang'ono kwa zaka, monga CML ndi CLL. Ina imatha kupha m'masabata kapena miyezi yochepa ngati munthu salandira chithandizo, monga AML ndi ALL.

Mayi Rowley asanatulukire zimenezi, madokotala ankaganiza zotani?

Aliyense amene anayang'anapo selo la khansa pa maikulosikopu ankadziwa kuti makromozomu ake amakhala osokonezeka: ena ochuluka, ena osowa, ena oduka. Funso linali lakuti kusokonezekako ndiko kumayambitsa matenda, kapena ndi zotsatira chabe za matendawo. Mu 1914 Theodor Boveri wa ku Germany ananena kuti ndiko kumayambitsa, koma analibe njira yosonyezera. Ambiri anakhazikika pa ganizo linalo, lakuti khansa imayamba ndi chinthu china, mwina kachilombo, ndipo makromozomu amangowonongeka m'chipwirikiti chotsatirapo. Ngati zili choncho, kuwayang'anitsitsa kunali kutaya nthawi.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene sichinkagwirizana ndi ganizo limeneli. Mu 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford a mumzinda wa Philadelphia anaona kromozomu yaing'ono modabwitsa m'maselo a odwala CML asanu ndi awiri. Kenaka inatchedwa dzina la mzinda wawo. Inkapezeka mwa odwala oposa 90 pa 100 alionse a matendawa, koma anthu ankangoti ndi kromozomu imene yaduka, chidutswa chake n'kutayika. Kwa zaka zoposa khumi nkhani inaima pamenepo, ndipo ambiri ankaiona ngati chinthu chachilendo cha matenda amodzi okha.

Zinatheka bwanji kuti dokotala wogwira ntchito masiku atatu pa sabata afike pofufuza zimenezi?

Sanayambe ndi cholinga chofufuza khansa. Tsiku lotsatira atamaliza maphunziro a udokotala anakwatiwa ndi Donald Rowley, amenenso anali dokotala, ndipo anabereka ana aamuna anayi. Anasankha kugwira ntchito masiku ochepa kuti azilera anawo. M'zaka za m'ma 1950 ankathandiza pakiliniki ya ana obadwa ndi mavuto a kakulidwe, pachipatala cha Cook County ku Chicago. Ambiri mwa anawo anali ndi Down syndrome, ndipo mu 1959 ofufuza a ku Paris atasonyeza kuti ana oterewa ali ndi kromozomu 21 yowonjezera, chidwi cha Mayi Rowley chinatembenukira kumeneko.

Mu 1961 amuna awo anapita ku Oxford, ku England, kukagwira ntchito chaka chimodzi. Iwo anapita nawo, ndipo anapeza malo mu labotale ya Laszlo Lajtha, kumene anaphunzira kukonza ndi kuwerenga makromozomu. Atabwerera ku Chicago mu 1962 anakaonana ndi Leon Jacobson, katswiri wa matenda a magazi, n'kupempha zinthu zochepa: maikulosikopu, chipinda chamdima chotsukira zithunzi, ndi malipiro okwanira kulipira wolera ana. Jacobson anavomera, ndipo patapita nthawi madokotala anayamba kuwatumizira maselo a odwala khansa ya m'magazi kuti awaone.

Kwa zaka pafupifupi khumi zotsatira sizinali zochititsa chidwi. Vuto silinali maso awo. Utoto umene unalipo nthawiyo unkadetsa kromozomu yonse mofanana, choncho munthu ankangotha kunena kuti iyi ndi yaitali, iyi ndi yaifupi. Kromozomu 9 ankaiika m'gulu limodzi ndi zina zingapo zofanana nayo kukula, ndipo kusiyanitsa 21 ndi 22 kunali kungoganizira.

Ndiye n'chiyani chinasintha mu 1972?

Njira yopaka utoto. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Torbjörn Caspersson ndi Lore Zech a ku Stockholm anapeza kuti mankhwala otchedwa quinacrine amachititsa kromozomu kuwala mizeremizere, ina yowala kwambiri ina yodera, ndipo kromozomu iliyonse ili ndi mizere yakeyake. Posakhalitsa panabweranso njira ya utoto wa Giemsa imene imaonetsa mizere yomweyo. Mayi Rowley anakaphunzira njira zimenezi paulendo wawo wachiwiri wa ku Oxford, mu 1970 ndi 1971.

Tayerekezani telala amene wadula mapeto a nsalu ziwiri, wasinthanitsa zidutswazo n'kuzisokanso. Ngati nsalu zonse ziwiri ndi zoyera, mudzangoona kuti ina yafupika, mwina osazindikira n'komwe kuti inayo yatalika pang'ono. Koma ngati ndi zitenje za maluwa osiyana, mudzaona msanga kuti chidutswa chosowa apa chapita apo. Mizere ija inachita zimenezo.

Ntchito yake inali ya manja ndithu. Dokotala ankabaya fupa la wodwala ndi singano yaikulu n'kukoka mafuta a m'kati. Ku labotale ankathira maselowo mankhwala owaimitsa pakati pa kugawikana, nthawi imene makromozomu amakhala okhuthala n'kuoneka bwino. Kenaka ankawaviika m'madzi amchere wochepa kuti atupe, n'kuwadonthezera pagalasi kuti aphulike, makromozomu amwazike. Akapaka utoto ankajambula chithunzi kudzera pa maikulosikopu, kuchitsuka, kenaka kutenga sizasi n'kudula kromozomu iliyonse payokha. Tizidutswa 46 ta pepala, tina tochepa kuposa chikhadabo, tinkayenera kuikidwa tiwiritiwiri motsatira mizere yake. Popeza Mayi Rowley ankakhala pakhomo masiku ambiri, ntchito yosanja imeneyi ankaichitira patebulo lodyera, ndipo ana awo ankachenjezedwa kuti asayetsemulire pafupi.

Patebulo limenelo, mu 1972, anaona kuti m'maselo a wodwala AML chidutswa cha kromozomu 8 chili pa 21. Anaonanso zomwezo mwa wodwala wina. Patangopita miyezi yochepa anatembenukira ku CML, ndipo mwa odwala asanu ndi anayi anaona kuti kumapeto kwa kromozomu 9 kuli kachidutswa kowonjezera, kofanana kukula ndi maonekedwe ndi kamene kankasowa pa kromozomu 22. Chidutswa cha kromozomu ya Philadelphia sichinatayike konse. Chinangosamuka.

Kodi anzawo anavomereza msanga?

Ayi. Lipoti lawo la kromozomu 8 ndi 21 linakanidwa ndi magazini ya New England Journal of Medicine, ndipo linakatuluka mu 1973 m'magazini ya ku France yotchedwa Annales de Génétique. La 9 ndi 22 linatuluka chaka chomwecho m'magazini ya Nature. Ngakhale pamenepo, madokotala ambiri a magazi ankangoti n'zosangalatsa kumva, koma osaona phindu lake kwa wodwala amene ali pabedi.

Okayikawo sanali opusa. Kuona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi si umboni wakuti china chimayambitsa chinzake, ndipo mu 1973 panalibe njira yodziwira kuti pamalo othyokawo pali majini ati. Mfundo ya Mayi Rowley inali yosavuta koma yolimba: chisokonezo chongochitika mwangozi sichingathyole makromozomu awiri omwewo, pamalo omwewo, mwa anthu osadziwana okhala m'mizinda yosiyana. Mu 1977 atapeza kusinthana kwachitatu, kwa 15 ndi 17, mu mtundu wina wa AML wotchedwa APL, kukana kunayamba kuvuta. Matenda atatu osiyana, lililonse ndi kusinthana kwake. Chaka chomwecho anakwezedwa kukhala pulofesa.

Chinanso chimene chinathandiza ndi misonkhano ya akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, woyamba ku Helsinki mu 1977, kumene ankasonkhanitsa zithunzi za makromozomu ndi mbiri ya odwala awo n'kuziunikira limodzi. Labotale imodzi ikanatha kukhala ndi odwala ochepa a mtundu winawake, koma akaphatikiza a malo ambiri zinkaoneka kuti odwala a kusinthana kwakutikwakuti amachira bwino, a kwakutikwakuti ayi. Apa m'pamene madokotala osamalira odwala anayamba kutchera khutu.

Kodi kusinthana zidutswa kumayambitsa bwanji khansa?

Yankho linabwera m'zaka za m'ma 1980, kuchokera kwa ofufuza ena amene anatsata malo amene Mayi Rowley analoza. Mu 1982 zinadziwika kuti jini yotchedwa ABL, imene malo ake ndi pa kromozomu 9, imasamukira pa 22 mwa odwala CML. Mu 1984 John Groffen, Nora Heisterkamp ndi anzawo anasonyeza kuti kromozomu 22 imathyokera pakachigawo kamodzi kochepa, kamene anakatcha BCR. Zidutswa ziwirizi zikalumikizana zimapanga jini yatsopano, BCR-ABL, imene mulibe m'selo la munthu wabwinobwino.

Puloteni ya ABL, ikakhala yokha, imauza selo kuti ligawikane pokhapokha pakafunika, kenaka imaleka. Ikalumikizana ndi BCR siilekanso. Imangotumiza uthenga woti selo ligawikane ndipo lisafe. Mu 1990 George Daley, Richard Van Etten ndi David Baltimore anaika jini imeneyi m'maselo a m'mafupa a mbewa za mu labotale, mbewazo n'kudwala matenda ofanana ndi CML. Mkangano wa choyambitsa ndi chotsatira unathera pamenepo, patatha zaka 17 chitulukireni lipoti la mu Nature.

Pali njira inanso yachiwiri. Nthawi zina kusinthanako sikupanga jini yatsopano, koma kumasamutsira jini yolimbikitsa kukula pafupi ndi chigawo cha DNA chimene chimagwira ntchito usana ndi usiku m'selo limenelo, jiniyo n'kumagwira ntchito mopitirira muyezo. Zimenezi zimachitika kwambiri m'khansa za m'gulu la lymphoma, zimene zimayambira m'maselo oteteza thupi ku matenda.

Ndiye kuti Mayi Rowley ndi amene anapanga imatinib, mankhwala a CML?

Ayi, ndipo iwo sananenepo choncho. Mankhwalawa anapangidwa ndi gulu la akatswiri pakampani ya Ciba-Geigy ku Basel, imene pambuyo pake inakhala mbali ya Novartis. Mmodzi mwa otsogolera anali Nicholas Lydon, ndipo dokotala amene anakakamira kuti ayesedwe pa odwala anali Brian Druker wa ku Portland, m'chigawo cha Oregon. Ntchito ya imatinib ndi kukatseka pamalo pamene puloteni ya BCR-ABL imatengera mphamvu, ndipo maselo abwino, amene sadalira puloteni imeneyi, savutika kwambiri.

Kuyesa pa anthu kunayamba mu 1998. Mwa odwala 54 amene analandira mlingo wa 300 mg kapena kuposa, 53 magazi awo anabwerera mwakale. Boma la America linavomereza mankhwalawa mu May 2001, ndipo amagulitsidwa ndi dzina lakuti Gleevec kapena Glivec. Kale wodwala CML ankakhala zaka zitatu mpaka zisanu kuchokera pamene wapezeka ndi matendawa, pokhapokha atapeza mwayi womuika mafuta a m'mafupa a munthu wina, chithandizo chimene chimaphanso ena. Pakafukufuku wamkulu amene anatsatira odwala omwa imatinib, oposa 80 pa 100 alionse anali moyo patatha zaka khumi. Ambiri amangomwa mapiritsi tsiku ndi tsiku ali kwawo.

Mgwirizano wa ntchito ziwirizi ndi wakuti popanda kudziwa kuti 9 ndi 22 zasinthana, palibe akanadziwa kofufuza jini, ndipo popanda jiniyo panalibe cholimbana nacho. Mu 2012 mphotho ya Japan Prize inaperekedwa kwa anthu atatu limodzi: Rowley, Druker ndi Lydon.

Nanga za kromozomu 15 ndi 17 zinathera pati?

Nkhani iyi inayenda chobwerera, ndipo ndi yokoma kuimva. APL inali imodzi mwa khansa zoopsa kwambiri za m'magazi, chifukwa wodwala amatha kutaya magazi m'kati n'kufa m'masiku ochepa. Ku Shanghai, Wang Zhenyi ndi gulu lake anayesa mankhwala otchedwa ATRA, amene ndi a m'banja la vitamini A. Mu 1988 analengeza kuti mwa odwala 24, pafupifupi onse matenda anazilala. Mankhwalawa sapha maselo odwala, koma amawakakamiza kumaliza kukhwima, n'kufa imfa yachibadwa. Nthawi imeneyo palibe ankadziwa chifukwa chake.

Chifukwacho chinadziwika mu 1990 ndi 1991, ofufuza atayang'ana pamalo pamene kromozomu 17 imathyokera. Anapezapo jini ya RARA, imene ntchito yake ndi kulandira uthenga wa mankhwala a m'banja lomwelo la vitamini A, italumikizana ndi jini ya PML ya pa 15. Mankhwala achiwiri, arsenic trioxide, anayamba kuyesedwa ku Harbin m'zaka za m'ma 1970. Lero odwala APL ambiri amalandira mankhwala awiriwa limodzi, ndipo oposa 90 pa 100 alionse amene afika pachipatala msanga n'kuyamba chithandizo amachira. Tisanapitirire: ATRA si vitamini wogula m'famase, ndipo arsenic ndi poizoni. Zonsezi zimaperekedwa m'chipatala wodwala akuyang'aniridwa.

Kupatula kusinthana kutatu kuja, Mayi Rowley anachitanso chiyani?

Zambiri. Mu 1979 labotale yawo inafotokoza kusinthana kwa 14 ndi 18 mu follicular lymphoma. Anafufuzanso nkhani yowawa ya anthu amene anachira khansa ina koma patapita zaka n'kudwala khansa ya m'magazi chifukwa cha mankhwala omwe anawachiritsawo. Iwo ndi anzawo anasonyeza kuti odwala ambiri otere amakhala atataya kromozomu 5 kapena 7, yonse kapena mbali yake, ndipo ena amene analandira mankhwala a m'gulu la etoposide amathyokera pa kromozomu 11.

Malo a pa 11 amenewo ndi amene anawatangwanitsa kwa zaka zambiri. Ali ndi zaka zoposa 60 anaphunzira njira zatsopano zofufuzira DNA, ndipo mu 1991 gulu lawo linapeza jini imene ili pamenepo n'kuitcha MLL. Lero imatchedwa KMT2A. Jini imeneyi imatha kulumikizana ndi majini ambirimbiri osiyana, ndipo ndi imene imapezeka yothyoka mwa makanda ambiri odwala khansa ya m'magazi asanakwanitse chaka.

Ngati vuto lili m'makromozomu, kodi matendawa ndi akumtundu? Kodi amapatsirana?

Sapatsirana, ndipo kusinthana kumene Mayi Rowley anapeza sikuchokera kwa makolo. Kumachitika munthu atabadwa kale, kapena nthawi zina akadali m'mimba, m'selo limodzi la m'mafupa, n'kufalikira kwa maselo obadwa kuchokera ku selo limenelo. Maselo a pakhungu, umuna kapena mazira a wodwala CML alibe kromozomu ya Philadelphia, choncho ana ake saitengera. Alipo mabanja ochepa amene amatengerana chiopsezo cha khansa ya m'magazi, koma imeneyo ndi nkhani ina. Kwa odwala ambiri palibe chimene iwo, makolo awo kapena munthu wina aliyense anachita kuti kromozomu ithyoke. Chodziwika bwino chimene chimawonjezera chiopsezo cha CML ndi cheza champhamvu kwambiri, monga chimene chinagwera anthu a ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945.

Kodi nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno?

Ikutikhudza kudzera m'matenda amene madokotala a ana ku Queens ndi ku Kamuzu Central amawadziwa bwino: Burkitt lymphoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana a ku Malawi. Mwana amatupa nsagwada, diso kapena mimba, ndipo chotupacho chimakula mofulumira kwambiri. Denis Burkitt anafotokoza matendawa mu 1958 akugwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, ndipo mu 1961 anayenda pagalimoto m'zipatala za mayiko angapo a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Nyasaland, kufufuza madera amene chotupachi chimapezeka. Anaona kuti ndi madera otentha ndi a chinyezi, kumene malungo ndi ochuluka. Mu 1964 kachilombo ka Epstein-Barr kanapezeka m'maselo a chotupa chomwechi.

Mu 1976 Lore Zech, yemwe uja wa mizere, anasonyeza pamodzi ndi anzake kuti m'maselo a Burkitt lymphoma kromozomu 8 ndi 14 zimasinthana zidutswa. Mu 1982 zinadziwika kuti jini yosamukayo ndi MYC, yolimbikitsa kukula, ndipo imakagwera pafupi ndi jini yopanga asilikali a m'thupi olimbana ndi tizilombo. Si Mayi Rowley amene anapeza zimenezi, koma ndi umboni umene unabwera pa nthawi yake kudzatsimikizira mfundo yawo, ndipo unachokera m'matenda a ana a ku Africa kuno. Chotupachi chimamva mankhwala msanga, n'chifukwa chake mwana wotupa motere safunika kuchedwa naye pakhomo.

Palinso nkhani ya kuyeza. Imatinib ili pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa World Health Organization kuyambira 2015, koma imathandiza munthu amene ali ndi BCR-ABL, ndiye pamafunika kuyeza kaye. Labotale yosanja makromozomu imafuna ndalama zambiri ndi akatswiri. Chosangalatsa n'chakuti makina a GeneXpert, amene zipatala zambiri kuno zimayezera TB, amathanso kuyeza BCR-ABL m'magazi ngati pali katiriji yake.

Kodi madokotala akudulabe zithunzi ndi sizasi?

Sizasi inapuma, koma kusanja makromozomu kukuchitikabe, tsopano pakompyuta. Pali njira ya FISH, imene imapaka jini ziwiri utoto wowala wosiyana, wofiira ndi wobiriwira. M'selo labwino timadontho timeneti timakhala patalipatali, koma m'selo la CML timagundana n'kuoneka tachikasu. Palinso PCR, imene imatha kupeza selo limodzi lodwala pakati pa maselo abwino zikwizikwi. Ndi imene amagwiritsa ntchito poona ngati mankhwala akugwira. Buku la World Health Organization logawa khansa za m'magazi m'mitundu limasiyanitsa mitundu ingapo ya AML potengera kusinthana kwake, kuphatikizapo 8 ndi 21 uja.

Kodi Mayi Rowley analandira mphotho ya Nobel?

Sanalandire, ndipo ambiri amene amadziwa ntchito yawo amaona kuti anayenera. Analandira Lasker Award mu 1998 pamodzi ndi Peter Nowell ndi Alfred Knudson, National Medal of Science ya chaka chomwecho, ndiponso Gruber Prize ndi Presidential Medal of Freedom mu 2009.

Akuti analowereranso m'nkhani za boma. Zinali bwanji?

Kuyambira 2002 mpaka 2009 anali m'komiti yolangiza Pulezidenti George W. Bush pa nkhani za chabwino ndi choipa m'kafukufuku wa zamoyo. Sankagwirizana ndi boma limenelo pa malamulo ake oletsa ndalama za boma kugwiritsidwa ntchito pa mbali yaikulu ya kafukufuku wa maselo a mluza, ndipo sankabisa. Mu 2004 iwo ndi Elizabeth Blackburn, mnzawo wa m'komitiyo, analemba poyera kuti malipoti ena a komitiyo sakufotokoza sayansi moyenera. Blackburn anachotsedwa m'komitiyo chaka chomwecho, koma Mayi Rowley anakhalabe mpaka kumapeto. Mu March 2009, pamene Pulezidenti Barack Obama ankasaina chikalata chofewetsa malamulowo, iwo anaimirira pambali pake.

Nkhani ya maselo a mluza anthu amasiyana nayo maganizo, ambiri chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo munthu akhoza kulemekeza ntchito yawo ya makromozomu popanda kugwirizana nawo pa iyi.

Kodi kukhala mkazi kunawavutitsa pantchitoyi?

Kunawachedwetsa. Atapempha malo kusukulu ya udokotala anauzidwa kuti malo a akazi, atatu okha m'kalasi ya ophunzira 65, adzaza kale, ndipo anadikira miyezi isanu ndi inayi. Anagwira ntchito masiku atatu pa sabata kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo pamene ankaona kusinthana koyamba anali ndi zaka 47, msinkhu umene akatswiri ambiri amakhala atatchuka kale. Anayamba kugwira sabata yonse mwana wawo womaliza atasinkhuka.

Ine ndimaona kuti anthu amakonda kwambiri nkhani ya tebulo lodyera mpaka kuiwala zaka khumi zimene zinatsogola, zoyang'ana makromozomu opanda mizere. Mizere itabwera, malabotale ambiri padziko anaiphunzira nthawi yomweyo. Mayi Rowley anali ndi maselo a odwala amene mbiri yawo inkadziwika bwino, ndi diso lozolowera kuona kuti pano patalika pang'ono.

Kodi tsopano khansa iliyonse ya m'magazi ili ndi mankhwala akeake ngati imatinib?

Ayi. CML inagonja msanga chifukwa pachiyambi imadalira puloteni imodzi yokha, ndipo puloteniyo ili ndi malo amene mankhwala angatseke. Khansa zambiri sizili choncho. Odwala AML ambiri alibe kusinthana kulikonse kooneka pa maikulosikopu, koma ali ndi zolakwika zing'onozing'ono zingapo m'majini osiyanasiyana. Ngakhale kwa amene ali ndi 8 ndi 21, kusinthana koyamba kuja, chithandizo chikadali mankhwala amphamvu a khansa monga cytarabine, ngakhale kuti dokotala akaona kusinthanaku amadziwa kuti mwayi wochira ndi waukulu kuposa wa odwala AML ena ambiri. Imatinib nayonso imatha kuleka kugwira BCR-ABL ikasintha kapangidwe, n'chifukwa chake panabwera mankhwala ena monga dasatinib, nilotinib ndi ponatinib.

Jini ya MLL inatenga nthawi yaitali kwambiri, chifukwa puloteni yake ilibe malo osavuta kutseka. Ofufuza anachita kuzungulira, n'kupeza kuti imadalira puloteni ina yotchedwa menin kuti igwire ntchito, ndipo anapanga mankhwala olekanitsa ziwirizi. Oyamba a mtundu umenewu, revumenib, anavomerezedwa ku America mu November 2024 kwa odwala, akulu ndi ana omwe, amene khansa yawo ili ndi KMT2A yothyoka ndipo yabwereranso kapena yakana mankhwala ena.